Katswiri Woimirira wa pa Zenera Lachitatu

A Chidindo anali munthu wodziwa kukhala pansi. Anthu ena amakhala pampando ngati alendo, thako limodzi lokha, maso ali kukhomo. Iwo ayi. Akafika pa zenera lachitatu m'mawa, ankakoloweka jekete pamsomali, kukweza buluku pang'ono m'mawondo, n'kutsikira pampando mwaulemu wonse, kenako n'kuusa moyo ngati munthu amene wafika kwawo. Kuyambira pamenepo mpaka nthawi yoweruka, wofuna kuwaona ataimirira ankayenera kukuwa kuti nyumba ikupsa, ndipo ngakhale apo akanayamba afunsa kuti ikupsa mbali iti.

Ntchito yawo inali kudinda mapepala. Munthu akabwera ndi fomu, ankaiyang'ana pamwamba pa magalasi, kunyowetsa chala ndi malovu, kutembenuza tsamba, kenako phaa! chidindo chofiira, phaa! chakuda cha tsiku, n'kusaina. Anachita zimenezi zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zitatu. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mafayilo a kwa abwana. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana kuti a Chidindo.

Chikondi chawo ndi mpando chinayamba kalekale. Bambo awo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ankafuna kuti mwana wawo naye aphunzire kuyala njerwa. Ataponya njerwa padzuwa masiku atatu, mwanayo anaona kalaliki wa pamalopo ali phee pamthunzi, cholembera chili kukhutu, miyendo atasanjikiza. Analumbira mumtima tsiku lomwelo kuti moyo wake udzakhala umenewo. Sukulu anaigwira mwamphamvu mpaka aphunzitsi ankamutamanda kuti ndi wokonda mabuku. Mabuku ake ati? Mwanayo ankangodana ndi kuimirira.

Ndipo zinawayendera. Pa zenera lachitatu anakonza zonse kuti zikhale pofika dzanja: inki kumanja, mafomu kumanzere, botolo la madzi pansi pa tebulo, ndi kawaya kopinda kumapeto kokokera chilichonse chimene chayerekeza kukhala patali. Chakudya chamasana ankadyera pomwepo. Mpando wawo unali wathabwa, wokhala ndi mtsamiro umene unaphwatalala kalekale, ndipo unali utawazolowera kotero kuti munthu wina akakhalapo ankapendekera kumanzere.

Ngakhale mkazi anamufunsira atakhala pansi. Mtsikanayo anabwera ndi fomu tsiku lina, ndipo a Chidindo anaipezera cholakwika katatu kuti azibwerabwera. Ulendo wachinayi mtsikanayo anaika fomu pazenera n'kunena kuti, "Ngati pali china chimene mukufuna, nenani, nsapato zanga zikutha." Ananena. Amene analipo paukwati wawo amachitira umboni kuti tsiku limenelo ndi limene a Chidindo anaimirira nthawi yaitali kuposa lina lililonse, ndipo mpaka lero eni ake amadandaula kuti mlaliki anatalikitsa.

Mtsikana uja ndi amene tsopano anthu ankamudziwa kuti Mayi Simbi. Ankasita zovala pamalo ena ochapira zovala za anthu, ataimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ana awo atatu anali atakula n'kubalalika, moti m'nyumba munatsala anthu awiri okha, wina wokhala pansi, wina woimirira. Banjalo linkayenda choncho, ndipo a Chidindo sanaonepo cholakwika.

Mwendo wakumanzere ndi umene unayambitsa nkhani. Unayamba kutupa madzulo aliwonse, kenako unasiya kudikira madzulo. A Chidindo ananena kuti nsapato za masiku ano zimachepa zokha. Mayi Simbi sanatsutse; anangowasitira malaya n'kuwatsogoza kuchipatala.

Dokotala anadina chala pamwamba pa phazi lawo, ndipo atachotsa chalacho panatsala kadzenje.

"Mumakhala pansi maola angati patsiku, bambo?"

"Pang'ono chabe," anatero a Chidindo.

"Onse," anatero akazi awo.

"Magazi anu ayamba kutengera eni ake," anatero dokotalayo. "Akakhala malo amodzi nthawi yaitali, amaundana. Kachibuma kamodzi kokha kakachoka m'mwendomu n'kukatsekereza m'mapapo, simudzamaliza n'kusaina komwe. Theka la ola lililonse muzinyamuka, muziyendayenda. Mudzabwerenso pakatha miyezi itatu tidzaone."

A Chidindo anaseka, poti dokotalayo anali wamsinkhu wa mwana wawo woyamba. Mayi Simbi sanaseke. Alamu awo, akulu ake a mwamuna wawoyu, ankayendetsa galimoto za mtunda wautali. Tsiku lina anatsika m'galimoto pakhomo pawo, n'kugwa asanagwire chitseko. Mayi Simbi ndi amene anakakhala ndi namfedwayo mwezi wathunthu, ndipo anaona ndi maso awo mmene nyumba imakulira munthu akatsala yekha. Kuchokera tsiku la kuchipatalalo, tulo tinawathawa.

Ngati kuti anachita kupangana, mwezi womwewo mkulu woyang'anira antchito anabwera kuchokera ku msonkhano wina mutu uli wodzaza. Mayi ameneyu ankayenda ngati wasiya mkaka pamoto, n'chifukwa chake onse ankawatchula Mayi Liwiro. Anasonkhanitsa ofesi yonse n'kulengeza kuti kukhala pansi kukupha anthu mwakachetechete, ndipo kuti kukubwera mipando ndi matebulo anzeru.

"Mpando wanzeru?" anafunsa a Chidindo. "Unaphunzira kuti?"

Lolemba lotsatira anaudziwa. Mipando yakale inakwezedwa pa lole, wawo uli pamwamba penipeni miyendo ili m'mwamba, ndipo a Chidindo anauyang'ana mpaka lole inakhota. Kunena zoona, misozi inalengeza. M'malo mwake anapeza mpando wakuda wa matayala, wofewa bwino moti poyamba anaukhululukira. Koma mkati mwake munali kachipangizo kodziwa ngati pakhala munthu. Litangokwana theka la ola, a Chidindo akutsitsa chidindo pa fomu ya bambo wina, mpando unanjenjemera pansi pawo ngati wagwidwa malungo. Chidindo chinakatera pa chithunzi cha mwini fomu, pamphumi penipeni. Asanapepese n'komwe, mpando unayamba kulira, tii! tii! tii! Ndiye tebulo nalo linayamba kukwera lokha, pamodzi ndi inki, mafomu ndi kapu ya tiyi, mpaka munthu wa pazenera ankangoona dazi lawo.

Anaimirira. Akanatani? Mawondo analira onse awiri.

"Mpando wopanda mwambo," anang'ung'udza. "Ine msinkhu wangawu ndizigwedezedwa kumbuyo ngati khanda?"

Choipitsitsa chinali chakuti mpandowo unali wa miseche. Maola onse amene munthu wakhala ndi amene waimirira unkawatumiza pa kanema amene anapachikidwa pafupi ndi khomo lalikulu: mzere wobiriwira kwa oimirira, wofiira kwa okhala. Mayi Liwiro anawonjezera kuti wofuna akhoza kulumikiza mzere wake ku foni ya wachibale. A Chidindo sanafune, koma analakwitsa n'kukainena nkhaniyo kunyumba ngati nthabwala. M'mawa mwake anapeza foni ya akazi awo m'thumba la jekete.

"Isabwere isanalumikizidwe," anatero Mayi Simbi. "Mukaiwala, ndibwera nayo ndekha."

Sabata yoyamba inali ya nkhondo. Anafunafuna waya woti azule, koma mpandowo unalibe waya. Anauyala nyuzi zambirimbiri kuti usawamve, koma unkawamva ndithu. Kenako anatulukira kuti ukalira, munthu akangonyamuka pang'ono n'kukhalanso umatonthola, ndipo tebulo limatsika ukadina batani. Pamenepo anaganiza kuti apambana. Koma mzere wawo unali wofiira psuu, ndipo madzulo aliwonse Mayi Simbi ankaika foni pafupi ndi mbale yawo. Chakudya chodyera pafupi ndi mzere wofiira sichitsika bwino.

Nzeru zinawapeza m'chipinda chosungira katundu, kumene anapita kukatenga inki, ulendo umene ankauyenda kamodzi pachaka. Pakona panali makatoni a mafayilo akale odikira kukatenthedwa. A Chidindo anayeza katoni imodzi ndi dzanja, kuyezanso mwendo wawo kuyambira pansi mpaka m'chiuno, n'kumwetulira. Atatu akanakwana.

Zenera lachitatu linali kumapeto, lotchingidwa ndi kabati yaikulu mbali imodzi ndi khoma mbali inayo, ndipo kumbuyo kunali kachitseko kake. Munthu wa panja ankaona kalaliki kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba basi. M'mawa wotsatira a Chidindo analawirira, n'kukoka makatoni atatu imodziimodzi, ntchito yolemetsa imene anali asanagwirepo kuchokera masiku a njerwa aja. Anawasanjikiza kuseri kwa zenera, kukweza tebulo mpaka pamapeto, kukankhira mpando wanzeru pakona, n'kuukoloweka jekete kuti nawo ukhale ndi chochita. Anavundikira ndowa yakale ya mayi wosesa kuti ikhale popondera, n'kukwera. Miyendo inali lendelende ngati ya mwana pa benchi ya akulu, koma wa pazenera ankaona bambo ali chilili, wolimba, wosatekeseka. Mpando unali wopanda munthu, tebulo lili m'mwamba, ndipo makina analemba zimene anaona.

Woyamba kuwagwira anali mwini ndowa, Mayi Tsache, amene anayamba ntchito chaka chimodzi ndi iwo. Anatsegula kachitseko, kuyang'ana ndowa, n'kukweza maso pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwamanga nsanja? Mukuingitsa mbalame?"

"Achemwali, musandiyalutse."

"Ine ndimasesa pansi, za m'mwamba sindiziona," anatero Mayi Tsache. "Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndowayo ndikadzaifuna ndidzatenga."

Tsiku limenelo mzere wa a Chidindo unali wobiriwira kuyambira kumutu mpaka kumchira. Maola asanu ndi atatu. Mawa lake chimodzimodzi. Poti kutsika ndi kukweranso inali ntchito, anasiya kumwa madzi masana kuti pasakhale chowatsitsa. Pakutha pa mwezi, Mayi Liwiro anamata chithunzi chawo pakhoma ndi mawu akuti Katswiri Woimirira, ndipo alendo akabwera ankawadutsitsa pa zenera lachitatu kuti aone okha zimene mipando yatsopano yachita pa munthu wa zaka zoposa makumi asanu. A Chidindo ankawagwedezera mutu modzichepetsa.

Wa pa zenera lachiwiri, bambo wonenepa amene ankaimiriradi mpaka thukuta kamukamu koma osapitirira maola anayi, anawatsatira pokwerera basi kudzafunsa chinsinsi.

"Nkhani ndi mtima, mnzanga," anatero a Chidindo, atamugwira paphewa. "Miyendo imangotsatira. Vuto lanu inu mumakonda mpando."

Ankanena zimenezi osaphethira. Pamsonkhano wa antchito anapatsidwa mphindi zisanu kuti alimbikitse anzawo, ndipo analankhula mphindi makumi awiri, atatsamira khoma.

Kunyumba ndiye kunasintha. Mayi Simbi anayambanso kuimba akamatsuka mbale. Foni ankaionetsa kwa anzawo onse osita nawo, ngakhale kwa anthu odzatenga masuti awo. Tulo tinabwerera. Ndipo poti anali munthu wa mtima wabwino, anayamba kuwamvera chisoni amuna awo. Madzulo aliwonse, atangofika kuchokera kosita, ankatenthetsa madzi, kuwathira m'beseni ndi mchere pang'ono, n'kugwada kuti awathowe mapazi.

"Musanyamuke, bambo, mwaimirira kokwanira. Kugolosale ndipita ndekha."

Apa m'pamene munthu umafuna kuwatsina khutu a Chidindo. Mayi amene waimiriradi maola asanu ndi anayi pafupi ndi simbi yamoto ankagwada pasimenti kuthowa mapazi amene atandala akulendewera pamwamba pa ndowa. Ndipo eni mapaziwo ankadziwa kuti ndi zoipa. Tsiku loyamba manyazi anawagwira mpaka anatsegula pakamwa kuti aulule. Koma madziwo anali ofunda bwino, ndipo nkhope ya akazi awo inali itawala ngati kale, moti anadziuza kuti kuulula kungangowalandanso tulo mayiwo. Bodza logonetsa munthu tulo, anatero mumtima, ndi mankhwala. Pofika tsiku lachitatu sankaganizanso n'komwe. Ankangofika n'kuvula okha masokosi.

Koma magazi sawerenga za pa kanema. M'mphepete mwa katoni munkawafinya kunsi kwa ntchafu tsiku lonse, mapazi ali m'malere, ndipo pakutha pa masabata asanu ndi awiri miyendo yonse iwiri inali itatupa, wakumanzere kuposa unzake. Nsapato zinakana. Anayamba kupita kuntchito atavala masandasi ndi masokosi, n'kumauza anthu kuti akatswiri amavala choncho. M'katumba wakumanzere munayamba kutentha ndi kubaya, koma zimenezo sanauze munthu.

Mayi Simbi anakuona kutupako, poti manja awo ndiwo ankagwira mapaziwo tsiku lililonse. Anayang'ana mapazi, kuyang'ana foni, n'kupeza yankho.

"Bambo, mwanyanya. Dokotala anati muzinyamuka, sanati musanduke mtengo wa magetsi. Mawa mukakhaleko pansi."

A Chidindo anagwira njakata. Kubwerera pa mpando wanzeru kukanatanthauza kugwedezedwa theka la ola lililonse, ndiye kuti kuimirira kwenikweni. Ndiponso chithunzi chawo chikanatsika pakhoma, chonsecho anali atachizolowera. Anakanda dazi, n'kusanjikiza bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba.

"Amayi, si ine. Ndi lamulo la kuntchito. Mayi Liwiro salola kuti katswiri akhale pansi, akuti ndiwagwetsa mphwayi anzanga."

"Salola?"

"Salola n'pang'ono pomwe."

Mayi Simbi anapukuta manja pang'onopang'ono. "Oho," anatero. Munthu amene wakhala m'banja zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi ankayenera kuidziwa "oho" imeneyo.

Lachinayi cha m'ma teni koloko, mzere wa anthu utafika mpaka pakhomo, a Chidindo anamva mawu odziwika kuseri kwa khoma, mu ofesi ya Mayi Liwiro. Chidindo chinaima m'malere.

"Amuna anga si alonda! Onani apa, mayi, onani nokha. Maola asanu ndi atatu, tsiku ndi tsiku, osakhudza mpando! Munthu wamkulu ngati uja, wodwala miyendo! Mukufuna ndiwalire chifukwa cha chithunzi cha pakhoma?"

Mayi Simbi, amene sanajombepo kuntchito zaka khumi, anali atapempha tsiku kuti adzawamenyere nkhondo amuna awo. Mayi Liwiro ankamveka akuyesa kufotokoza kuti lamulo lotero kulibe, kuti nawonso amadabwa, kuti a Chidindo anawauzapo kawiri konse kuti azipumula. Kenako panamveka bwino lomwe mawu oopsa: "Tiyeni tikawafunse limodzi."

A Chidindo anafunafuna ndowa ndi phazi. Phazi linangopalasa mphepo. Paipi ya kuchimbudzi inali itaphulika m'mawawo, ndipo Mayi Tsache anali atalowa mwakachetechete, iwo ali kalikiliki ndi mafomu, n'kutenga chawo monga ananenera. Anayesa kudumpha, koma mwendo wakumanzere unali utachita dzanzi, wosamva ngati wa munthu wina. Sandasi imodzi inavuka n'kugwa pansi.

"Bambo, fomu yanga," anatero munthu wa pazenera.

"Dikirani, makina avuta."

Kachitseko ka kumbuyo kanatseguka. Panaima Mayi Simbi ndi Mayi Liwiro, ndipo kumbuyo kwawo Mayi Tsache ndi ndowa yodzaza madzi, poti nkhani ngati imeneyi sankaiphonya. Onse anayang'ana m'mwamba. Katswiri Woimirira anali pamwamba pa makatoni atatu, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, chidindo chili m'manja.

"Ndangokwera kumene," anatero a Chidindo. "Kupumulako pang'ono."

Katoni ya pamwamba inali itayankha kale: inali italowa pakati bwinobwino, yosalala, yopendekera kumanzere.

"Katoni siipindika choncho tsiku limodzi," anatero Mayi Tsache, maso ali kudenga.

Kwa nthawi yoyamba Mayi Liwiro anasowa kothamangira. Wa pa zenera lachiwiri anasuzumira pamwamba pa kabati, n'kuseka mpaka anakhala pansi, mpando wake n'kuyamba kumuwerengera.

A Chidindo ankayembekezera kuti akazi awo akalipa, ndipo akanakonda atakalipa. Koma Mayi Simbi anatembenukira kwa Mayi Liwiro, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Pepani mayi. Ndakulalatirani pachabe, pamaso pa anthu anu. Mundikhululukire."

Mawu amenewo anawabaya a Chidindo kuposa mwendo. Kenako Mayi Simbi anayang'ana poti akhale, n'kupeza mpando umodzi wokha, wanzeru uja. Anachotsa jekete, kulipinda bwino monga mwa ntchito yawo, n'kukhala. Foni inali m'manja, ndipo mzere wobiriwira wa amuna awo unayamba kufiira iwo akuona. Anavula nsapato zawo zoyendera, zimene zinkawathina, osasamala kuti pali anthu.

Ali pamwamba pa nsanja yawo, a Chidindo anaona mapazi a akazi awo. Anali otupa m'akakolo, mitsempha itatuluka ngati zingwe mpaka m'miyendo, zidendene zitang'ambika. Mapazi amenewo ankalowa m'nyumba mwawo tsiku lililonse, koma sanathe kukumbuka chaka chimene anawayang'ana komaliza.

"Mumaganiza kuti ndinkayang'ana foniyi kuti ndizikunyadirani?" anatero Mayi Simbi motsitsa mawu, osawayang'ana. "Ndinkayang'ana kuti ndidziwe ngati nditsale ndekha m'nyumba muja. Mzere ukabiriwira, ndinkati lero ndapulumuka. Mwanamiza mpando, mwanamiza abwana, mwandinamiza ine. Nanga magaziwo mwawanamiza?"

A Chidindo anaika chidindo chawo patebulo.

Anawatsitsa anthu atatu, ngati katundu wosachedwa kusweka. Mayi Liwiro atangogwira pakatumba paja n'kumva kutentha, liwiro lawo linabwerera, ndipo pasanathe mphindi khumi galimoto ya ofesi inali pakhomo.

Dokotala anayendetsa kachipangizo kozizira pamwendopo, maso ali pa kanema wake.

"Kayamba," anatero. "Kachibuma kali apa, kuseri kwa bondo. Kakadali kakang'ono, ndipo mankhwala atithandiza. Mukanadikira tsiku limene ndinakupatsani lija, sindikudziwa ngati tikanaonana. Wakubweretsani ndani lero?"

"Bodza lawo," anatero Mayi Simbi.

Dokotala sanafunse zambiri. Anawabaya jakisoni, kuwalembera mapiritsi, n'kubwereza zomwe zija: kukhala pang'ono, kuimirira pang'ono, kuyendayenda, kumwa madzi. A Chidindo anazindikira mowawidwa mtima kuti mpando wopanda mwambo uja unkanena zomwezo kwaulere, kungoti unkanenera kumbuyo.

Pa zenera la mankhwala panali anthu ambiri. Mabenchi onse anali odzaza, kupatula kampata kamodzi kumapeto, kokwana munthu mmodzi. A Chidindo anakaona wina aliyense asanakaone, ndipo miyendo inayamba yokha kulunjika komweko. Atafika, anaima.

"Khalani, amayi."

"Odwala ndinu."

"Khalani."

Mayi Simbi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Pano palibe mpando wokunenerani kwa abwana. Chithunzi chanunso pofika pano achotsa kale."

"Ndikudziwa."

Mayiwo anakhala. A Chidindo anagwira khoma ndi dzanja limodzi, pepala la mankhwala lili m'dzanja linalo, n'kumasinthasintha miyendo. M'katumba munkabaya, thukuta linkatsikira m'khosi, ndipo mzere sunkasuntha. Patapita nthawi munthu wina ananyamuka pa benchi yomweyo, n'kusiya malo pafupi ndi akazi awo. A Chidindo anawayang'ana malowo nthawi yaitali, kumeza malovu, kenako n'kuyang'ana kumbali mpaka wina anakhalapo.

Mayi Simbi anazimitsa foni n'kuiponya m'chikwama. Kenako anakweza maso ku wotchi ya pakhoma, n'kuyamba kuwawerengera okha amuna awo mphindi zoimirira.